Moto umafika anthu atasiya kale kuwerenga

M'buku la Fahrenheit 451, lomwe Ray Bradbury wa ku America anatulutsa mu 1953, ozimitsa moto sazimitsa moto. Nyumba zonse zinakutidwa kale ndi zinthu zosapsa, ndiye ntchito yomwe inawatsalira ndi yoyatsa. Munthu akanenera mnansi wake kuti akusunga mabuku, belu limalira, galimoto imanyamuka, ndipo m'mapaipi momwe mukanatuluka madzi mumatuluka palafini. Mwini nkhaniyi, Guy Montag, wagwira ntchitoyi zaka 10 ndipo amaikonda. Dzina la bukuli ndi mlingo wa kutentha womwe Bradbury anauzidwa kuti pepala limayakira: madigiri 451 pa muyeso wa Fahrenheit, omwe ndi pafupifupi 233 pa muyeso wa Celsius womwe tinauzolowera kuno.

Ambiri omwe anamvapo za bukuli amakumbukira motowo basi. Amati ndi nkhani ya boma lankhanza loletsa mabuku, ndipo sakunama. Koma chomwe chimandidetsa nkhawa ine m'bukuli chili kwina. Chili m'mawu a Beatty, mkulu wa ozimitsa motowo, pamene akufotokozera Montag chiyambi cha ntchito yawo. Akuti sizinayambire kuboma. Panalibe lamulo, panalibe chilengezo. Anthu anayamba atopa nawo okha mabukuwo, ndipo moto unabwera pambuyo kudzangomalizitsa.

Nkhani zopeka za mtundu uwu zimatchedwa dystopia. Liwuli linabadwa ku linzake, utopia, lomwe Thomas More anapeka mu 1516 polemba za chilumba chomwe zonse zimayenda bwino. M'Chigiriki, utopia ndi "malo omwe kulibe". Dystopia ndiye malo oipa: dziko la mawa lomwe zinthu zinasokonekera, kawirikawiri chifukwa choti ena anafuna kulikonza mpaka kulikonzeratu. Wolemba nkhani yotere si mneneri, ndipo timamulakwira tikamamuyesa ndi funso loti zomwe analemba zachitika kapena ayi. Iye amatenga kachizolowezi komwe akukaona m'nthawi yake, n'kukakulitsa mpaka aliyense akaone. Ndi ntchito yotsina khutu, ndipo akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi.

Mmodzi mwa oyambirira anali Yevgeny Zamyatin wa ku Russia, yemwe analemba We cha m'ma 1920. Anthu ake alibe mayina, ali ndi manambala, ndipo amakhala m'nyumba zagalasi kuti pasakhale chobisika. Bukulo linayamba kutuluka m'Chingelezi ku New York mu 1924. Kwawo linaloledwa kusindikizidwa mu 1988, mwiniwake atamwalira kalekale. Koma mabuku atatu omwe anthu amawatchula kwambiri ndi a Aldous Huxley, George Orwell ndi Bradbury, ndipo aliyense anaona njira yakeyake yomwe munthu amatayira maganizo ake.

Njira ya mantha

Orwell, yemwe dzina lake lenileni linali Eric Blair, anamaliza Nineteen Eighty-Four akudwala chifuwa chachikulu pa chilumba cha Jura ku Scotland. Bukulo linatuluka mu Juni 1949, iye n'kumwalira mu Januwale 1950. Anali atamenyako nkhondo ya pachiweniweni ku Spain, komwe anaona nyuzipepala zikulemba za nkhondo zomwe sizinamenyedwe n'kukhala chete pa zomwe zinamenyedwadi. Chilonda chimenecho ndicho chili pamtima pa buku lake.

Mwini nkhani ya m'bukuli, Winston Smith, amagwira ntchito ku Unduna wa Choonadi. Ntchito yake ndi kulembanso nyuzipepala zakale kuti zigwirizane ndi zomwe chipani chikunena lero. Ngati mtsogoleri analosera chinthu ndipo sichinachitike, Winston amakonza nkhani yakaleyo kuti ioneke ngati analosera zomwe zinachitikadi, ndipo pepala lenilenilo amaliponya m'kabowo kopita kung'anjo. Pali kachigawo kena kakang'ono komwe kamafotokoza zonse. Boma latsitsa mlingo wa chokoleti womwe munthu amalandira pa sabata, kuchoka pa magalamu 30 kufika pa 20. Tsiku lotsatira akulengeza kuti anthu akuyenda m'misewu kuthokoza mtsogoleri wawo, Big Brother, chifukwa chokweza mlingowo kufika pa magalamu 20. Winston akuyang'ana anzake m'kantini ndipo akuona kuti akhulupiriradi. Palibe yemwe akuyerekeza za lero ndi za dzulo.

Apa ndi pomwe Orwell anaona patali. Kuletsa nkhani sikungobisa zomwe zikuchitika; kumachotsa choyerekezera. Munthu amadziwa kuti wanamizidwa pokhapokha ngati akukumbukira zomwe anauzidwa poyamba, komanso ngati pali pena pomwe angakaloze n'kunena kuti onani, zinalembedwa apa. Mukamulanda pomwe angaloze, amatsala ndi mutu wake wokha, ndipo munthu mmodzi payekha sachedwa kuyamba kudzikayikira.

Chida chachiwiri ndi chiyankhulo. Mnzake wa Winston, Syme, akulemba nawo dikishonale ya chiyankhulo chatsopano chotchedwa Newspeak, ndipo amanyadira kuti ntchito yawo si kupeka mawu koma kuwapha. Liwu loti "choipa" n'lachiyani pamene mungathe kunena "chosabwino"? Cholinga chake, akutero Syme, n'choti tsiku lina munthu asadzathe n'komwe kuganiza zoukira, popeza mawu oganizira zimenezo adzakhala kulibe. Akatswiri a ziyankhulo amatsutsa kuti zingafike pamenepo, chifukwa anthu amapeka mawu atsopano tsiku ndi tsiku. Komabe aliyense yemwe anakhalapo m'dziko lomwe mawu ena satchulidwa pagulu amadziwa kuti chinthu chosatchulidwa chimavuta kuchikambirana, ndipo chosakambidwa chimavuta kuchikonza. Syme mwiniwake, ngakhale anali wokhulupirika, tsiku lina anangosowa, dzina lake n'kufufutidwa pa mndandanda. Anali wanzeru mopitirira.

Ndiye pali galasi la pakhoma, lomwe limaulutsa mawu ndi zithunzi kwinaku likuona ndi kumva zonse za m'nyumba. Ukhoza kulitsitsa mawu koma sungalizimitse. Sudziwa nthawi yomwe akukuyang'ana, choncho umakhala ngati akukuyang'ana nthawi zonse, mpaka nkhope yako umaiphunzitsa kusaonetsa zomwe zili mumtima. Pamapeto pake Winston akuzunzidwa mpaka kuvomera kuti 2 kuphatikiza 2 akhoza kukhala 5 ngati chipani chatero.

Njira ya kukoma

Huxley anatulutsa Brave New World kale pang'ono, mu 1932, ndipo dziko lake n'losiyana kotheratu. Kulibe njala, kulibe nkhondo, kulibe ukalamba wooneka. Ana sabadwa, amapangidwa m'mabotolo m'magulu asanu, kuyambira Alpha olamulira mpaka Epsilon ogwira ntchito zonyozeka, ndipo ali mtulo amamvetsedwa mawu obwerezabwereza owaphunzitsa kukonda malo awo. Munthu akayamba kumva chisoni amameza kam'bulu kotchedwa soma, chisonicho n'kutha. Pali makanema omwe woonera amamva m'thupi zomwe zikuchitika pa chinsalu. Kukhala wekha amakuona ngati matenda. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mabuku akale alipo, koma ali m'sefa ya wolamulira, Mustapha Mond, kuphatikizapo Baibulo. Ngakhale atawatulutsa, ndani angawamve? Munthu yemwe sanalirepo maliro a mayi wake, popeza alibe mayi, buku la Yobu angalitani? Mnyamata John, yemwe anakulira kunja kwa dziko limeneli akuwerenga Shakespeare, akuuza Mond kuti iye sakufuna mtendere woterewo; akufuna Mulungu, ndakatulo, zoopsa zenizeni, ufulu, ngakhale tchimo. Mond akumuyankha kuti ndiye kuti akupempha ufulu wokhala wosasangalala, ndipo John akuvomera kuti n'zomwezo.

Huxley anaphunzitsapo Orwell Chifalansa kwa kanthawi kusukulu ya Eton. Mu Okutobala 1949, atawerenga buku la wophunzira wake wakaleyo, anamulembera kalata yoyamikira, koma anawonjezera kuti olamulira a mtsogolo adzaona kuti chibonga ndi ndende n'zotopetsa, ndipo kuti n'kosavuta kuchititsa anthu kukonda ukapolo wawo. Mu 1985 Neil Postman, m'buku lake lodzudzula wailesi yakanema, Amusing Ourselves to Death, anawaika awiriwa pa sikelo: Orwell ankaopa oletsa mabuku, Huxley ankaopa kuti sipadzafunikanso kuwaletsa chifukwa wofuna kuwerenga adzakhala kulibe. Postman anagamula kuti Huxley ndiye analondola.

Kugamula kumeneku kumatchulidwa kawirikawiri, koma ine ndikuona kuti kumasocheretsa. Mukawerenga Orwell mosamala mupeza kuti galasi lozonda lija ndi apolisi a maganizo n'za anthu a m'chipani makamaka. Anthu wamba, omwe ndi 85 pa 100 alionse, sawavutitsa kwenikweni. Amawasiyira mowa, mpira, makanema, nyimbo zopekedwa ndi makina, ndipo koposa zonse lotale, yomwe mphoto zake zikuluzikulu n'zabodza. Nayenso Huxley ali ndi apolisi, ndipo oganiza mosiyana amawathamangitsira ku zilumba. Alembi onse awiri ankadziwa kuti chikwapu ndi switi zimayendera limodzi: ochuluka amapatsidwa switi, ochepa omwe akana switiyo amalandira chikwapu. Yemwe anasonyeza bwino kwambiri momwe ziwirizi zimalumikizirana ndi Bradbury.

Nyumba ya Montag

Bradbury sanapite ku koleji. Ankati anaphunzira mu laibulale. Nkhani yomwe inadzakula kukhala bukuli anailembera m'chipinda chapansi cha laibulale ya yunivesite ya UCLA ku Los Angeles, pa makina otayipira obwereka omwe ankalipira masenti 10 pa theka la ola, ndipo zonse zinamudyera madola 9 ndi masenti 80. Anali ndi zaka 12 pamene ophunzira otsatira chipani cha Nazi anatentha mabuku pafupifupi 20,000 pabwalo ku Berlin pa 10 Meyi 1933. Pomwe ankalemba, kwawo ku America inali nyengo ya phungu Joseph McCarthy, pamene alembi ndi opanga makanema ankafunsidwa za maganizo awo andale n'kuchotsedwa ntchito. Koma inalinso nyengo yomwe wailesi yakanema inkalowa m'nyumba za anthu mwaliwiro, ndipo iye anayang'ana zonse ziwiri nthawi imodzi.

Mkazi wa Montag, Mildred, ali ndi balaza lomwe makoma ake atatu ndi makanema okhaokha kuchokera pansi mpaka kudenga. Akuumiriza mwamuna wake kuti agule khoma lachinayi, la madola 2,000, gawo limodzi mwa atatu a malipiro ake a chaka chonse, pamene lachitatulo aliika miyezi iwiri yokha yapitayo. Anthu a m'makomawo amawatchula kuti "abale". Amamutumizira pepala la sewero lomwe ali ndi mbali yake. Osewera akafika pamalo pake amatembenuka n'kumufunsa maganizo, iye n'kuwerenga yankho lomwe anamulembera kale. Montag akamufunsa kuti seweroli likukamba za chiyani, amangoti muli anthu akutiakuti. Usiku amagona ndi timawailesi ting'onoting'ono m'makutu. Izi zinalembedwa mu 1953.

Tsiku lomwe tikumuona koyamba, Mildred wameza botolo lonse la mankhwala ogonetsa. Omwe akubwera kudzamupopa m'mimba si madokotala, ndi amisiri awiri a makina, ndudu zili pakamwa, ndipo akuti amalandira 9 kapena 10 otere usiku uliwonse. M'mawa Mildred sakukumbuka kanthu ndipo akukana kuti angachite zotere, popeza iye ndi wosangalala. Pambuyo pake Montag akumufunsa kuti kodi anakumana kuti poyamba, ndipo onse awiri aiwala. Ndikawerenga pamenepa sindimuseka Mildred. Ndi munthu wovulala yemwe alibe mphindi ngakhale imodzi ya chete yoti adziwe kuti wavulala.

Wotsegula maso a Montag si mphunzitsi kapena wandale. Ndi mtsikana woyandikana naye nyumba, Clarisse, wa zaka pafupifupi 17, yemwe amayenda wapansi, amalawa mvula, ndipo amafunsa mafunso. Akumufunsa Montag ngati ali wosangalala, funsolo n'kumukhala pamtima. Akumuuzanso zomwe anamva kwa amalume ake: kuti kale nyumba zinali ndi makonde, anthu ankakhalapo madzulo, kucheza akafuna, kukhala chete akafuna, kusinkhasinkha. Omanga nyumba anachotsa makondewo ponena kuti sakongola, koma amalumewo amati chifukwa chenicheni n'choti sankafuna anthu azikhala pansi n'kumaganiza. Ife omwe tinakulira pakhonde, pomwe milandu ya pabanja imakambidwa ndi pomwe agogo amayankha mwana funso lomwe sakanafunsa pagulu, tikudziwa kukula kwa chomwe chinachotsedwacho.

Tibwerere kwa Beatty. Kufotokoza kwake kuli ndi masitepe. Anthu anachuluka, makanema ndi wailesi zinabwera, zonse zinayamba kuthamanga. Mabuku aakulu anafupikitsidwa kukhala pulogalamu ya mphindi 15, kenako kandime ka mphindi ziwiri, kenako mizere ingapo. Sukulu inasiya mbiri, ziyankhulo ndi kuganiza mozama. Ndiye gulu lililonse linayamba kudandaula ndi buku lomwe lalikhumudwitsa, osindikiza n'kumachotsa chilichonse chomwe chingakwiyitse wogula, mpaka mabuku anasanduka phala lopanda mchere. Otsala omwe ankawerengabe anayamba kuoneka ngati odzikweza, ochititsa anzawo manyazi. Apa ndi pomwe boma linalowerera, kupatsa ozimitsa moto ntchito yatsopano yoteteza mtendere wa mumtima wa anthu. Ndipo malangizo a Beatty pa ulamuliro ndi awa: ngati simukufuna munthu avutike ndi ndale, musamupatse mbali ziwiri za nkhani, m'patseni imodzi, kapena osam'patsa n'komwe. M'dzazeni ndi timfundo tambirimbiri topanda ntchito kuti azidzimva wodziwa zinthu.

Sindivomereza zonse za m'mawu amenewa, ndipo tisaiwale kuti wolankhulayo ndi wotentha mabuku yemwe akudzilungamitsa. Kuloza chala magulu ang'onoang'ono kuti ndiwo anayambitsa n'kosakwanira, chifukwa m'mbiri ya dziko lapansi oletsa mabuku nthawi zambiri akhala amphamvu, osati odandaula. Bradbury mwiniwake atakalamba ankalimbikira kunena kuti buku lake likukamba za wailesi yakanema osati za boma, zomwenso n'zochepetsa buku lomwe muli mayi wokalamba wosankha kupsa limodzi ndi mabuku ake. Koma mfundo ya ndondomeko, yoti kutopa kumatsogola ndipo moto umatsatira, ndiyo yandigwira. Chakudza sichiimba ng'oma.

Pali chigawo china chomwe aliyense wa foni m'thumba angachizindikire. Montag ali m'sitima, Baibulo lili m'manja, akuyesetsa kuloweza mawu a Yesu onena za maluwa akuthengo. Koma m'sitimamo mukulira chilengezo cha malonda a mankhwala otsukira mano, dzina lake likubwerezedwabwerezedwa, okwera anzake akugwedeza mapazi motsatira. Akayamba vesi, dzina la mankhwala lalowa pakati. Palibe wamulanda bukulo. Lili m'manja mwake, lotsegula, koma sakutha kuwerenga.

Faber, mphunzitsi wopuma yemwe Montag akukapempha thandizo, akunena chinthu chomwe okonda mabuku ambiri amachilumpha. Akuti m'mabuku mulibe matsenga. Zomwe zili m'mabuku zikanatha kukhalanso m'makoma aja. Zosowa ndi zitatu: nkhani zokhala ndi thupi, zoonetsa moyo ndi zipsera zake, nthawi yozigaya, ndi ufulu wochitapo kanthu pa zomwe waphunzira. Montag akuti nthawi yopuma anthu ali nayo yambiri. Faber akuti yopuma inde, koma yoganiza? Buku ukhoza kulitseka n'kuliuza kuti dikira kaye. Khoma silidikira, limakuthamangitsira ku mfundo yake usanapeze mpata wonena kuti zimenezi n'zabodza.

Foni ya m'manja mwathu

Makoma a Mildred ankaonetsa aliyense zofanana. Foni imaonetsa aliyense zake, ndipo imaphunzira. Masamba a mchezo monga Facebook, TikTok ndi YouTube salipiritsa wolowa, kupatula bandulo yomwe timagula kukampani ya foni, chifukwa ndalama zawo zimachokera kwa otsatsa malonda. Wotsatsa amalipira maso a anthu. Choncho chomwe makinawo amayesa si choti nkhani ndi yoona kapena yothandiza, koma ngati yakuimitsa chala. Ukaima masekondi angapo pa kanema wina, ukupatsidwa wina wofanana naye. Mkwiyo, mantha ndi miseche zimaimitsa chala kuposa nkhani ya bajeti ya boma.

Kapangidwe kake kali ndi mbiri. Tsamba lopanda mathero, lomwe umangokankha chala zatsopano n'kumabwerabe, limatchulidwa ndi dzina la Aza Raskin, yemwe analikonza mu 2006 ndipo pambuyo pake ananena poyera kuti akumva chisoni nalo. Buku lili ndi mapeto a mutu, nyuzipepala ili ndi tsamba lomaliza, pulogalamu ya pa wailesi imatha. Malo onsewa amapatsa munthu mpata wodzifunsa ngati apitirize. Tsamba lopanda mathero linachotsa mpatawo, monga omanga aja anachotsera khonde. Palinso zomwe katswiri wofufuza za khalidwe, B. F. Skinner, anapeza poyesa nkhunda ndi makoswe: nyama ikamalandira chakudya mwa apo ndi apo, mosadziwika nthawi, imalimbikira kugogoda kuposa ikamalandira nthawi zonse. Ndi mmene makina a juga amagwirira ntchito, ndipo ndi mmenenso zimakhalira ukatsegula foni osadziwa ngati upeza uthenga wokoma kapena ayi. Mu 2014 zinadziwika kuti Facebook inayesapo anthu oposa 689,000 osawauza, powasinthira kuchuluka kwa nkhani zosangalatsa ndi zachisoni zomwe ankaona, kuti ione ngati zolemba zawo zisinthe. Zinasintha, ngakhale pang'ono.

Tisakokomeze. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza kuti kukodwa ndi masewera a pa kompyuta ndi vuto la umoyo, koma silinatero pa masamba a mchezo, ndipo ofufuza akutsutsanabe za kukula kwa vuto lomwe foni imabweretsa kwa achinyamata. Foni yomweyo ndiyo imatumiza ndalama kumudzi, imauza mlimi mtengo wa soya, imalola mayi wa ku Mzimba kuona nkhope ya mwana wake ali ku Johannesburg. Yaikanso mabuku ambiri m'manja mwa mwana wa kumudzi kuposa omwe laibulale ya sukulu yake inakhalapo nawo. Funso la Faber silikufunsa ngati chipangizocho n'choipa. Likufunsa ngati tsiku lako lili ndi kampata komwe palibe chikulankhula nawe. Ine ndikadziyesa moona, timipata timeneti tachepa: podikira minibasi, pamzere wa kubanki, mphindi zija usanagone. Kale m'malo amenewa ndi momwe munthu unkakumbukira kuti zomwe wanena mtsogoleri lero zikusiyana ndi zomwe ananena chaka chatha.

Ife tinalawapo njira yoyamba ija

Kwa Amalawi nkhanizi si zakutali. Lamulo lounika mabuku ndi zisangalalo la 1968 linakhazikitsa bungwe la Censorship Board, lomwe linkagamula zomwe tiwerenge, tione ndi kumvera. Alembi a gulu la Writers Group ku Chancellor College anaphunzira kuphiphiritsa, kubisa mfundo m'nthano za nyama ndi m'miyambi. Ndakatulo za Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods, zinatuluka mu 1981, kenako zinachotsedwa m'masitolo ndi m'masukulu. Mu Seputembala 1987 anamangidwa n'kutsekeredwa ku Mikuyu popanda mlandu, mpaka Meyi 1991. Polembera panalibe, ndiye ndakatulo zambiri ankazipeka n'kuzisunga pamtima. Kumapeto kwa buku la Bradbury, Montag akuthawira kutchire komwe akupeza anthu omwe aliyense analoweza buku limodzi kuti lisafe, iye n'kukhala wosunga Mlaliki. Owerenga ena amati mathero amenewa ndi maloto chabe. Ku Zomba zinachitikadi.

Chomwe chinang'amba chetecho chinalinso cholembedwa. Kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992. Boma linati kupezeka nayo ndi mlandu, ndipo nyumba yosindikizira ku Balaka komwe inasindikizidwa inayatsidwa moto. Koma anthu anali ataimva kale, ndipo inanena zomwe ambiri ankazidziwa mumtima koma aliyense akuyesa kuti ali yekha. Pa 14 Juni 1993 anthu anavotera zipani zambiri. Nthawi yonseyi dziko linalibe wailesi yakanema yakeyake. Inayamba mu 1999. Tinali ndi mantha opanda makoma a Mildred, ndipo mwina n'chifukwa chake kalata imodzi inakhala pakamwa pa anthu miyezi yathunthu. Ndimadzifunsa kuti kalata yotere itatuluka lero ingakhale masiku angati isanakwiriridwe ndi nkhani ina yotentha ya pa WhatsApp.

Chikwapu nachonso sichinapite, changosintha maonekedwe. Boma la Zimbabwe linatseka intaneti mu Januwale 2019 pa nthawi ya zionetsero za mtengo wa mafuta. Uganda inachita chimodzimodzi pa chisankho cha Januwale 2021. Ku Zambia WhatsApp ndi masamba ena anatsekedwa pa tsiku lovota mu Ogasiti 2021, ndipo ku Mozambique intaneti ya pafoni inkadulidwa pa zionetsero zotsatira chisankho cha Okutobala 2024. Zonse zikakhala pa chingwe chimodzi, palafini safunikanso. Mu Julayi 2009 kampani ya Amazon inafufuta mabuku ena a Orwell, kuphatikizapo Nineteen Eighty-Four, m'makina owerengera a Kindle a anthu omwe anali atawagula kale, chifukwa wogulitsayo analibe chilolezo. Inabweza ndalama n'kupepesa, koma anthu anaona kuti buku la m'makina likhoza kuchotsedwa m'nyumba mwako usiku popanda wogogoda pachitseko.

Bradbury anaonanso momwe kanema amatumikirira chikwapu. Montag akuthawa, dziko lonse likuonera kusakidwa kwake pa makoma aja. Atawazemba pamtsinje, akuluakulu sangavomere kuti alephera, komanso oonera sangadikire nthawi yaitali. Choncho makamera akupeza munthu wina wosalakwa yemwe akungodziyendera usiku, galu wamakina wosakira anthu akumugwira, osaonetsa bwino nkhope, ndipo wolengeza akuti Montag wafa. Kenako pulogalamu ina ikuyamba. Pamwamba pa mzindawo ndege zankhondo zakhala zikudutsa buku lonse, koma palibe wofunsa kuti nkhondoyo ndi ya chiyani, mpaka tsiku lomwe mabomba akugwa.

Buku lomweli linakumana ndi zomwe linkachenjeza. Mu 1967 kampani yomwe inkalisindikiza, Ballantine, inatulutsa kope la ana a sukulu za sekondale lomwe inasinthamo malo pafupifupi 75. Mawu otukwana anachotsedwa, munthu woledzera anasanduka munthu wodwala. Panalibe boma lomwe linalamula. Anali akonzi ofuna kuti bukulo lisakhumudwitse aphunzitsi ndi makolo. Kuyambira 1973 kope lodulidwalo ndi lokhalo lomwe kampaniyo inkagulitsa, kwa ana ndi akulu omwe, ndipo Bradbury sankadziwa. Zinaululika mu 1979, owerenga ena ataona kuti mawu a m'makope akale ndi atsopano akusiyana n'kumudziwitsa. Iye anaumiriza kuti mawu ake onse abwezeretsedwe, ndipo kope lathunthu linatulukanso mu 1980.